Makomo Makumi Anayi

Loweruka lomaliza. Lachiwiri ndiye tsiku.
Andipatsa makomo makumi anayi pafoni,
msewu wa Cascade, mbali ya kumanzere kokha,
ndi khofi wozizira kale m'kapu yapepala.
Mphepo ya Novembala kuno ku Erie siona nkhope,
imaluma wa chipani chofiira, imaluma wa chabuluu.

Khomo loyamba wayankha ndi galu.
Lachiwiri, katani yagwedezeka, kenako zii.

Pa nambala 417 atuluka bambo Wojcik,
masilipasi kuphazi, kanema akukuwa kumbuyo kwawo.
"Ndinu wachisanu ndi chimodzi sabata ino.
Fakitale itatsekedwa palibe anagogoda.
Zaka zinayi ndakhala nsapato yotayidwa kudzala,
lero ndasanduka mkwatibwi."
Ndaseka. Iwo sanaseke.
Foni ikufuna ndiwaike m'bokosi limodzi mwa asanu:
wathu, wopendekera kwathu, sanaganize,
wopendekera kwawo, wawo.
Bokosi la munthu wotopa palibe.

Mchemwali wanga ku California samugogodera.
Kwawoko mtundu unadziwika kale.
Ife ndife lilime la sikelo,
ndipo wotiposa ndi voti imodzi yokha
amanyamula dengu lonse, osasiya ndi khunkha lomwe.
N'chifukwa chake ndege zimatera kuno,
n'chifukwa chake wailesi yaiwala nyimbo.

Pakona, zikwangwani ziwiri zatuzulirana maso pakapinga.
Ichi n'cha mayi Delgado, icho n'cha bambo Hutchins.
Chipale chikagwa, bamboyo amayamba kukokolola khomo la mayiyo.
Mayiyo amawapatsira msuzi chimwalirireni akazi awo.
Za zikwangwanizo sakambirana.
Mphepo ikagwetsa china, woyamba kudzuka amachidzutsa.

Tavion watsegula ali ndi tulo m'maso,
wachokera ku shifiti yausiku kosungira katundu.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sanavotepo.
"Lachiwiri ndimagwira kawiri. Si holide, mayi."
Ndamulembera kuseri kwa kapepala:
sukulu ya pulayimale, seveni m'mawa mpaka eyiti usiku,
eyiti ikakupeza pamzere usachoke.
Wapinda kanayi, waika m'thumba lakumbuyo,
kumene mapepala amakafera m'makina ochapira.
Kaya.

Mayi Pettway anavota kale, pa positi.
"Ndinasaina envelopu, ndinayang'ana deti katatu.
Amayi anga ku Alabama anabwezedwa pakhomo la ofesi
kasanu, atavala chipewa cha kutchalitchi.
Ine sindifuna kukumbutsidwa, mwana iwe."
Ayang'ana zala zanga zachita buu,
alowa, abwera ndi magolovesi osafanana.
Wavotera ndani sindinafunse.
Foni yadikira, yadikira, yazima yokha.

Makumi anayi akwana kunja kutachita chisisira.
Otsegula khumi ndi mmodzi.
Ondimenyetsera chitseko awiri.
Mmodzi amafuna kudziwa ngati ndikugulitsa mawindo.
Ku ofesi mnyamata wa pakompyuta wameza manambala anga,
sanatafune n'komwe,
mapu pakhoma sanasinthe ngakhale kadontho.

Kunyumba ndapeza Darrell akukazinga anyezi.
Zaka makumi atatu pabedi limodzi,
ndipo pamndandanda wanga iye ndi bokosi lachisanu.
Sanafunse kuti zayenda bwanji.
Wanditenthetsera madzi a mapazi,
wachotsa mawu pa kanema pamene nkhope ija yatulukira,
wachotsanso itatulukira inayo.

Lachiwiri tidzakwera galimoto imodzi.
Adzandigwirira chitseko, mwa chizolowezi chake,
tidzalowa aliyense kuseri kwa kabolodi kake,
voti yake idzadya yanga, yanga idzadya yake,
titsale opanda kanthu m'manja
koma kastika kaja pachifuwa.
Pobwerera adzati, "Tikanangogona, Marguerite."
Amatero chisankho chilichonse.
Koma wotchera alamu ndi iyeyo,
faifi koloko, kuti tikakhale oyamba pamzere.